Kachitini ka Mkulu Wanga

Anthu onse amene ndiwatchule m'nkhani ino anatisiya kalekale, koma zidzukulu zawo zilipo, ndipo ena a iwo timakumana pamaliro ndi pamaukwati. N'chifukwa chake sindilemba dzina la munthu aliyense. Ndikupemphanso zidzukulu za amalume anga kuti zisawerenge zimenezi ngati mlandu umene ndikuwaimba agogo awo. Iwo anachita chimene anaona kuti chingapulumutse mbumba yawo, ndipo dzanja limene linagwira ntchitoyo linali langa.

Tinachokera tsidya lija la mtsinje wa Muloza ine ndili kumsana. Makolo athu ankathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo atawoloka anapatsidwa malo pa esiteti ya mzungu wina m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene masiku amenewo ankazula khofi n'kumabzala tiyi. Malowo sanali aulere. Nyumba iliyonse inkayenera kupereka munthu mmodzi wogwira thangata, ndiye kuti ntchito ya m'munda wa mzungu yolipirira pamene wamanga ndi pamene ukulima. Nyumba ikasowa munthu wotero, kapitawo ankabwera kudzasasula denga ndi kuzula chinangwa. Ife obwera tinalibe kwina kolowera. Eni dziko ankatitcha Anguru, ndipo kubwerera kumene tinathawa kunali kosatheka.

Bambo anamwalira ndisanadziwe nkhope yawo. Amayi anali ndi chilonda chosapola pamwendo, moti sakanatha kuima m'munda tsiku lonse. Choncho nyumba yathu inaima pa mkulu wanga, mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Iyeyo ndiye ankalawirira kukapalira m'mizere ya tiyi, wopanda nsapato monga wina aliyense, m'dothi limene silinkauma chifukwa cha mvula ya kuphiri. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali ndi nyumba yawo pafupi nafe ndipo ankagwira thangata lawolawo, koma pa nkhani zonse za pakhomo pathu ndiwo anali ndi mawu omaliza.

Ine mwayi wanga unali wina. Mkazi wa mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, pamudzi wina kunja kwa malire a esiteti cha kumbali ya Chambe, ananditenga kuti ndizimulerera mwana. Ndinkakhala kumbuyo kwa kalasi mwanayo ali kumsana, ndipo pomatha zaka ziwiri ndinali nditadziwa kuwerenga zilembo ndi manambala. Kumeneko tinkamwa madzi a pakasupe, tinali ndi chimbudzi chokumba, ndipo ndiwo za nandolo kapena nyemba sizinkasowa. Kwathu ndinkabwera pa tchuthi chokha, nditanenepa, ndipo amayi ankandiletsa kuima pafupi ndi mkulu wanga pagulu, kuopa kuti kusiyana kwathu kungaonekere.

Mkulu wanga ankadwala. Tonse tinkadziwa, koma palibe ankatchula. Mapazi ake ankatupa, ndipo zikhatho zake zinali mbuu ngati wagwira ufa. Akamachokera kumtsinje ndi mtsuko ankapuma katatu panjira imene kale ankaidutsa akuimba. Tsiku lina ndinam'peza kuseri kwa nkhokwe akudya dothi la pachulu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ukaulula ndikutsina mpaka ulire." Sindinaulule.

Chaka chimenecho, nkhondo ya Ajeremani isanayambe, mvula itangoleka, kunamveka kuti dokotala wa boma akuyenda m'midzi ndi buku lalikulu. Ena ankati akuwerenga Anguru kuti awabweze kwa Apwitikizi. Ena ankati akusankha amuna amphamvu oti akanyamule katundu wa boma. Palibe anakhulupirira kuti mzungu angakwere machila kuchokera kuboma n'kudzafika kumizere ya nyumba zathu chifukwa chongotimvera chisoni.

Dokotalayo anafika pakhomo pathu dzuwa lili paliwombo, ine ndili kwathu pa tchuthi. Anali ndi womasulira, munthu wakuda wa kumpoto amene anaphunzira za chipatala kumishoni, wovala jekete loyera ndi nsapato. Kumbuyo kwawo kunaima kapitawo wa esiteti ndi ndodo yake. Palibe anamufunsa kanthu kapitawoyo, koma sanachoke, ndipo nyumba iliyonse imene dokotala analowa, iyenso anaima pakhomo pake.

Womasulira anafotokoza kuti boma likufuna kudziwa chifukwa chimene anthu okhala m'maesiteti akufookera kuposa anthu a m'midzi ya kunja, pamene phiri ndi limodzi ndipo mvula ndi imodzi. Amayi ankamva Chilomwe chokha, choncho amalume ndiwo anayankha. Chinyanja ankachidziwa bwino, koma tsiku limenelo anachita ngati chikuwathawa.

"Bambo, pakhomo pano mumadya kangati pa tsiku?"

"Timadya tikamva njala."

"Ndiye kuti mumadya tsiku lonse," anatero womasulira, osamwetulira. "Ndiwo zake?"

"Zimene Mulungu wapereka."

"Dzulo anapereka chiyani?"

"Dzulo anatanganidwa."

Womasulira anauza dokotala zimenezi m'Chingerezi, dokotala n'kulemba. Anafunsanso kumene timatunga madzi, kumene anthu amakadzithandiza akakhala kumunda wa tiyi, miyezi imene thangata limagwa, ndiponso amene amalima munda wathu m'miyezi imeneyo. Anasuzumira m'nkhokwe ndipo anaona makaka okhaokha, chinangwa chouma chija. Mkulu wanga anali kuntchito, ndiye sanamuone.

Pochoka anasiya tizitini tiwiri tokhala ndi zivindikiro, kalikonse kali ndi nambala yake yopakidwa penti. Kamodzi kanali ka amayi, kena ka mkulu wanga. Ine sanandipatse chifukwa sindinkakhala pa esiteti. Womasulira ananena mwaulemu kuti m'mawa aliyense aikemo pang'ono chimbudzi chake, pakuti dokotala ali ndi galasi loonera njoka za m'mimba, ndipo amene apezeke nazo alandira mankhwala.

Madzulo dzuwa lisanalowe, mkulu wanga atabwera, amalume anakhala pakhonde pathu. Amayi ankasankha nyemba za kalongonda m'lichero. Tizitini tija tinali pansi, pakati pathu, ndipo palibe ankatigwira.

"Achemwali," anatero amalume kwa amayi, "munamvapo kuti munthu anapatsa mlendo za m'mimba mwake? Tsitsi timakwirira, zikhadabo timakwirira. Lero titenge zimenezi tikaike m'manja mwa munthu amene kwawo sitikukudziwa?"

"Akuti kuli mankhwala, achimwene."

"Mankhwala alipo, sindikukana. Koma dokotala weniweni amafunsa pamene pakupweteka. Uyu akufunsa nkhokwe, akufunsa miyezi ya thangata. Nanga kapitawo uja amadzatani? Amadzaphunzira udokotala?" Analoza mkulu wanga ndi chibwano. "Buku lija likanena kuti mwanayu ndi wodwala, mawa lake denga ili lili pansi. Mulowera kuti ndi mwendo umenewo?"

"Ine ndili bwino, amalume," anatero mkulu wanga. "Ndi kutopa chabe."

"Wamva? Mwiniwake akuti ali bwino."

Amayi anati ena m'mizere yathu akuti aikamo za mbuzi. Amalume anapukusa mutu. Anati amenewo ndi opusa, chifukwa galasi la mzungu likhoza kusiyanitsa munthu ndi mbuzi. Pakufunika za munthu ndithu, koma munthu wathanzi. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Iwe wa kusukulu, tatiwerengera. Ka mkulu wako ndi kati?"

Ndinayang'ana manambala aja n'kuloza.

"Iwe ndiwe wonenepa, ndiponso unabatizidwa, za azungu sizingakugwire. Mawa m'mamawa upite nako kuthengo ndiwe."

Amayi anapitiriza kusankha kalongonda, osakweza mutu. Mlongo wawo anali atalankhula, ndipo kwathu mkazi sankabweza mawu a mwini mbumba ana akumva.

Kusukulu anali atandiphunzitsa kuti bodza ndi tchimo, ndipo ndikanakonda kulemba pano kuti ndinakana kapena kuti ndinalira. Zoona zake n'zakuti ndinanyadira. Aka kanali koyamba kuti amalume andipatse ntchito ya akuluakulu, ndiponso kuti kuwerenga kwanga kuoneke kuti n'kothandiza pakhomo. M'mawa ndinapita kuthengo ndi kachitini ka mkulu wanga, ndinachita zimene anandituma, ndinatseka bwinobwino, n'kukapereka kwa iye. Iye anakakasiya m'dengu la womasulira popita kuntchito.

Patapita masiku angapo tonse anatiitanira kushedi yoyezera masamba a tiyi. Dokotala anakhala patebulo ndi buku lake, ndipo mzungu wa esiteti anaima chapatali atapinda manja. Womasulira anayamba ndi kukweza kachitini kena m'mwamba.

"Nambala iyi ndi ya ndani?"

Anaimirira mkulu wina wa imvi, woyandikana nafe nyumba.

"Bambo, dokotala akuti muli bwino kwabasi. Akungopempha kuti muchepetse kudya udzu, ndiponso mubwere kuno tidzaone nyanga zanu."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira pamimba. Amalume nawonso anaseka, ndipo anandiyang'ana ngati akundiuza kuti ndaona tsopano nzeru zawo.

Kuseka kutatha, womasulira anafotokoza zimene dokotala anapeza. Anati njoka zimenezi n'zazing'ono kwambiri, zimalowera kumapazi munthu akaponda dothi lonyowa pamene ena anadzithandizapo, ndipo zikafika m'mimba zimayamwa magazi. Anati m'midzi ya kunja zilimo, koma pang'ono. Kuno n'zochuluka chifukwa anthu ambiri amagwira ntchito pamalo amodzi ndipo saloledwa kuchoka m'mizere kuti akadzithandize patali. Anatinso munthu wodya makaka okha sangabwezeretse magazi amene atayika, ndipo makaka okhawo amabwera chifukwa thangata limagwa m'miyezi yomwe munthu akanalima munda wake. Ankalankhula akuyang'ana ife, koma tonse tinaona kuti mzungu wa esiteti akumvetsera, kapitawo akum'nong'oneza.

Kenaka anayamba kuitana manambala. Pafupifupi aliyense wa m'mizere yathu anapezeka nazo, amayi omwe. Atafika pa nambala ya mkulu wanga anati, "Uyu alibe."

Kapitawo ananong'onezanso mzungu wake, ndipo mzunguyo anamasula manja n'kubwera patebulo. Analamula kuti mkulu wanga aime kutsogolo. Kudzera mwa kapitawo anauza anthu onse kuti mtsikana ameneyu wapalira zaka zitatu kuchigawo cha kumtsinje, kumene kuli matope kuposa kwina kulikonse, ndipo alibe njoka ngakhale imodzi. Choncho vuto si munda wake, si thangata. Vuto ndi uve ndi ulesi wa anthu.

Dokotala anaimirira, anatsitsa chikope cha mkulu wanga ndi chala n'kuyang'ana m'kati. Anawerama n'kudina pakakolo, ndipo atachotsa chala dzenje linatsala. Anabwerera pabuku lake, anayang'ana nambala ija kawiri, n'kulankhula nthawi yaitali ndi womasulira. Womasulirayo anabwera pafupi nafe ndipo anatsitsa mawu.

"Chemwali, kachitini kaja kanali kako ndithu?"

Mkulu wanga anayang'ana amalume.

"Kanali ka ndani nanga?" anatero amalume. "Pakhomo paja munaonapo mbuzi?"

Maso a womasulira anayenda pa amayi, kenaka anaima pa ine.

"Nanga iwe wa masaya, ukuti bwanji?"

Ndinayang'ana nsapato zake. Zinali ndi matope a m'mizere yathu, koma mapazi ake anali otetezeka m'kati. Kapitawo anali ataima mapazi atatu okha kuchokera pamene ndinali. Maso anga sanachoke pa nsapatozo.

"Tili kuboma mpaka Loweruka," anatero womasulira, ngati akulankhula yekha. "Tizitini tilipo tambiri."

Mankhwala aja anali aukali, ndipo dokotala ankapereka kwa okhawo amene njoka zawo anaziona ndi maso, poopa kupweteka munthu amene matenda ake ndi ena. Odwala anawandandalika pamzere, ndipo anawalembera masiku angapo opuma. Ndinaona amayi akubisa mankhwala awo m'tsaya kuti akapatse mwana wawo, koma womasulira ankauza aliyense kuti ayasamule. Anawapatsa madzi, ndipo anameza misozi ili m'maso.

Lachisanu ndinatsatira mkulu wanga kumtsinje. Ndinamuuza kuti tipite kuboma m'mawa, ine ndikanene zoona.

"Ndikapita, kapitawo anena kuti ndajomba," anatero. "Ndiponso ukufuna ndikawayese amalume abodza pamaso pa azungu? Iwe ubwerera kusukulu kwako. Ine nditsala nawo pano."

"Achemwali, mukudwala."

"Tandisenza mtsukowu, usiye zolongolola."

Ndinam'senza. Loweruka linadutsa, dokotala anapita kwina ndi buku lake, ndipo ine ndinabwerera kwa mkazi wa mphunzitsi.

Zotsatira ndinazimva kwa amayi pambuyo pake. Mawu aja akuti alibe anasanduka mkwapulo. Mkulu wanga akakhala pansi kuti apume, kapitawo ankati, "Iwe si uja galasi la dokotala linati ulibe kanthu? Dzuka." Wina aliyense akadandaula za matope, ankamulozera mkulu wanga. Anagwira ntchito chilimwe chonse, mvula n'kubweranso. Anamwalira m'mwezi wa njala, chimanga chitangoyamba kumasula, mimba ndi nkhope zitatupa. Uthenga unandipeza ndikuchapa matewera a mwana wa mphunzitsi.

Pano ndiyenera kuwachitira chilungamo amalume. Ambiri amene anamwa mankhwala anapezadi bwino, ngakhale kuti ena anadwalanso chaka chotsatira popeza m'mizere ya tiyi simunasinthe kanthu. Koma nyumba ziwiri zimene eni ake analembedwa kuti ndi odwala kwambiri zinasasulidwa atangokolola, ndipo anthu ake sitinamvenso kumene analowera. Dokotala sanalamule zimenezo, ndipo mwina sanazimve n'komwe. Koma kapitawo anali pomwepo pamene manambala ankaitanidwa, ndipo palibe anamuuza kuti achoke. Amalume analakwa pa za mankhwala. Pa za kapitawo sanalakwe.

Maliro atatha, nyumba yathu inali yopanda wogwira thangata. Amalume anabwera m'mawa n'kukhala pakhonde pomwe paja. Anati ndakula mokwanira, ndisiye sukulu ndilowe m'malo mwa mkulu wanga kuti denga lisagwe. Ine ndinali wokonzeka kuvomera, pakuti ndinkaona kuti n'zondiyenera.

Amayi anayankha ine ndikumva, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Achimwene, dengali ndaliperekera mwana mmodzi. Uyu ayi."

Amalume sanakalipe, sanatsutse. Anaimirira n'kupita kwawo, ndipo anabwera ndi makwerero. Anati ngati denga la mlongo wawo liyenera kutsika, silitsitsidwa ndi kapitawo. Anasasula udzu wonse okha, anamanga mitolo, n'kuugawira oyandikana nafe. Tsiku lotsatira anasenza katundu wa amayi ndipo anatiperekeza mpaka kumudzi wina cha ku Chonde, kumene mbale wathu wina anakwatira ndipo anatipemphera kachigawo ka munda kwa eni dziko. Ulendo umenewo amayi anauyenda masiku awiri ndi mwendo wawo. Amalume anabwerera ku esiteti, ndipo mpaka imfa yawo nkhani ya kachitini sitinaitchulepo, iwo kapena ine.

Ndinapitiriza maphunziro mpaka pamene mtsikana ankatha kufika masiku amenewo, ndipo pambuyo pake ndinakhala mphunzitsi. M'ukalamba wanga uno, anthu ofufuza za umoyo afikapo pakhomo panga kangapo ndi mapepala awo, kudzafunsa zimene timadya ndi kumene timatunga madzi. Ndimawapatsa mpando ndipo ndimawayankha zoona zokhazokha, ngakhale zochititsa manyazi. Koma ndisanayankhe ndimasuzumira panja kuti ndione amene wabwera nawo, ndipo ndimawafunsa amene ayambe kuwerenga mapepalawo akachoka pano. Ena amaseka, ena amayankha bwino. Sindinapezebe amene yankho lake linandikhazika mtima pansi.

Buku la dokotala uja sindinalione konse. Sindikudziwa ngati linafika kwa akuluakulu a boma, kapena ngati mzere umodzi uja unathandiza eni maesiteti kukana zimene dokotala anapeza. Sindikudziwanso ngati womasulira analembapo kanthu m'mphepete, pakuti iye anazindikira. Ngati bukulo likadalipo penapake, muli nambala ya mtsikana wa ku esiteti ya m'munsi mwa phiri amene anapalira zaka zitatu m'matope n'kupezeka wopanda matenda. Ndalemba izi kuti amene adzalipeze adziwe kuti mzere umenewo ndi wabodza, ndipo afafanize. Kachitini kanali ka mkulu wanga, koma za m'kati zinali zanga, ndipo iye ankadwala.